Petulo Wogonera mu Pampu ya Gilibati

Mlamu wanga Gilibati anali ndi kachizolowezi kamene tonse tinkamuseka nako. Mvula yoyamba ikangogwa, dimba n'kuleka kufuna madzi othirira, iye ankatulutsa pampu yake pabwalo, n'kuyala saka, n'kukhala pansi ngati mayi amene akufuna kusambitsa khanda. Ankailiza injiniyo, n'kutseka kampopi ka petulo, n'kuisiya ilire yokha mpaka itsokomole, izime. Kenako ankamasula kasikuluwu kamene kali kunsi kwa kabuleta kuti timadontho totsalira titulukemo, ndipo petulo wa mu thanki ankamukhuthulira m'chigubu n'kupatsa anyamata a kabaza. Ankachotsanso pulagi, n'kudonthezera oilo pang'ono m'bowomo, n'kukoka chingwe pang'onopang'ono. Akatero ankaiika pampuyo pa njerwa m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, n'kuifunditsa saka.

"Alamu, nanga nyimbo yogonetsera mwaiyimbira?" ndinkamufunsa ine.

"Sekani, alamu, sekani," ankayankha osakweza mutu. "Petulo akagonera mu kabuleta amauma, amasanduka phula. Timabowo ta m'katimo ndi tating'ono ngati ta singano. Tikatsekeka, mungakoke chingwe mpaka phewa liguluke, siilira."

Ine ndine Felesiya, mkulu wake wa Kettie, amene anali mkazi wa Gilibatiyo. Kwathu ndi kumadzulo kwa Mitundu, njira yopita ku Dzalanyama. Gilibati kwawo kunali ku Nathenje, ndipo kuno anabwera ukamwini monga amachitira amuna onse okwatira m'mudzi mwathu. Akamwini ambiri amene ndawaona amafika ndi chikwama ndi pakamwa basi. Uyu anafika ndi manja ogwira ntchito. Dimba limene amayi anamusiyira Kettie linali kachigawo kakang'ono m'mphepete mwa mtsinje, kothirira ndi kheni. Gilibati atagula pampu, analikulitsa dimbalo kukwera nalo kumtunda, kumene munthu sangafikeko ndi kheni kawiri osakhala pansi kupuma. Kumtundako ndiye kunkachoka tomato, anyezi ndi mondokwa zimene ankagulitsa pa msika wa Mitundu. Ana awo awiri, Jacinta ndi Noah, ankadya, kuvala ndi kupita kusukulu chifukwa cha kumtundako.

Kettie ndi wofatsa, sanatengere ine. Pamene mwamuna wake ankagoneka pampu, iye ankakhala pambali akumugwirira chigubu. Ndinkaganiza kuti amangokhalapo chifukwa chokonda mwamuna. Sindinadziwe kuti maso ake ankaloweza chilichonse.

Gilibati anamwalira kumapeto kwa Novembala. M'mawa wa tsikulo anadzaza thanki ya pampu kuti akathirire mondokwa komaliza, koma asananyamuke kunachita mdima kumwamba, mvula n'kugwa yamphamvu. Anaibweza pampuyo m'kachipinda, n'kuuza mkazi wake kuti aigoneka Loweruka. Madzulo ake anadandaula mutu, n'kugwa pakhonde. Tinamuthamangitsira kuchipatala cha Mitundu pa ngolo, koma Loweruka limene ankanenalo linamupeza ali m'manda.

Maliro atatha, mkulu wake wa malemu, a Efulemu, anatiitana tonse pabwalo. Iwowa ndi amene anali ankhoswe a kuchimuna, ndipo amagulitsa nyama yambuzi pa Nathenje. Ndisawanamizire, si munthu woipa mtima. Pamaliro analira ngati mwana, mpaka amuna anzawo anachita kuwagwira. Koma ndi munthu amene akanena chinthu kamodzi amaona ngati wachilemba pamwala. Ananena kuti katundu wa malemu asakhudzidwe ndi aliyense mpaka tsiku losudzula mkazi wamasiye, pamene abale a mbali zonse adzakhale pansi n'kugawa bwinobwino. Ananenanso kuti mng'ono wawo wina atamwalira ku Dedza, katundu anasowa maliro asanathe, abale n'kudana mpaka lero, ndiye safuna zimenezo zichitikenso.

Atsibweni athu, a Isake, amene ndi eni mbumba, anavomera. Nanga akanakana bwanji? Ndi mwambo, ndipo ifenso timachita chimodzimodzi amuna athu akafera kwa eni.

Analowetsa zonse m'kachipinda muja: njinga, wailesi, jekete, nsapato, mapaipi, thumba la masipanala. A Efulemu anatsegula chivindikiro cha thanki ya pampu, n'kusuzumira.

"Taonani nonse, petulo ndi wodzaza," anatero. "Tidzamupeze chonchi."

Apo Kettie, amene chimwalirire mwamuna wake anali asanalankhule mawu omveka, anagwada pakhomo pa kachipindako.

"Alamu, ndilolezeni ndichotse petuloyo musanatseke. Bambo a Jacinta sankaigoneka ndi petulo. Amauma m'katimo, pampu n'kufa."

A Efulemu anamuyang'ana mwachisoni, ngati munthu amene chisoni chamusokoneza mutu.

"Alamu, petulo si ndiwo kuti angasase. Musadzivutitse. Lirani maliro, za zitsulozi tisiyireni amuna."

"Ntchito yake ndi yaing'ono, alamu. Mukhoza kuimirira pomwepo muziona."

"Ndati chisakhudzidwe chilichonse."

Anakoleka loko watsopano wowala, kiyi n'kuika m'thumba la malaya, n'kukwera minibasi. Ine pakamwa panandiyabwa, koma atsibweni anandiponda chala. Anandinong'oneza kuti tsiku la maliro munthu sakangana ndi eni mtembo.

Tinkayembekeza kuti kusudzula kuchitika Khirisimasi isanafike. Khirisimasi inadutsa. A ku Nathenje anatumiza mawu akuti nthawi ya njala sangasonkhanitse anthu, tidikire chimanga chiume. Kuteroko kunali kunena kuti Meyi kapena Juni. Ndipo Meyi ndiye mwezi umene dimba limayamba kufuna madzi.

Kettie anayamba kuonda ndi kachipinda kaja. Ndinkamupeza ataima pakhomo pake, mphuno ili pamng'alu wa chitseko.

"Achemwali, bwerani mudzanunkhize," anandiitana tsiku lina.

Ndinanunkhiza. "Ndi petulo, nanga n'chiyani?"

"Fungo lasintha. Layamba kumveka ngati penti wakale. Akuwonongeka."

Anawaimbira foni a Efulemu ine ndili pomwepo. Anawapempha kuti abwere ndi kiyi tsiku limodzi lokha, kapena atumize munthu, iye alipira minibasi. A Efulemu anayankha kuti akatsegula loko ali okha, abale awo adzati anatulutsamo zinthu. Anawonjezera kuti mlamu wawo asamaganize kwambiri za katundu mwamuna asanaole n'komwe, anthu angamuone molakwika. Mawu amenewo anamubaya Kettie. Anadula foni, n'kupita kukapalira osadya.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku lina mu Januwale, mudzi wonse uli kuminda kuthira feteleza, ndinabwerera kunyumba masana kudzatenga madzi akumwa. Ndinakumana ndi Kettie kuseri kwa nyumba yake akusamba m'manja ndi phulusa. Fungo la petulo linandipeza ndisanafike n'komwe pamene anali.

"Iwe Kettie, wachita chiyani?"

Sanabise. Anandionetsa chitseko. Loko wa a Efulemu anali pomwepo, wotseka, wowala monga anamusiyira. Iye anamasula masikuluwu a kachitsulo kokolekapo lokoyo ndi nsonga ya mpeni, n'kulowa, pomaliza n'kubwezeretsa zonse, mpaka kupaka kadothi pamitu ya masikuluwuwo. Injini sanailize chifukwa ikanamveka mpaka kutsidya. Anangotseka kampopi, kumasula kasikuluwu ka kunsi kwa kabuleta, kukhuthula thanki, kudontheza oilo, kukoka chingwe pang'onopang'ono, n'kuifunditsa saka. Anati petulo amene anatuluka mu kabuleta anali atayamba kale kufiira ngati tiyi.

"Nanga petuloyo ali kuti?"

"Ndathira pa chulu chija cha chiswe."

"Pa chulu? Petulo amene anthu akumuimira pa mzere ku Lilongwe, iwe wamwetsa chiswe?"

"Ndikanamusunga akanati ndinaba. Ndikanagulitsa akanati ndinaba. Ndikanamusiya m'chigubu momwemo akanadziwa kuti ndinalowa."

"Wakhudzanso china?"

"Jekete lawo ndinangolinunkhiza," anatero. "Ndalibweza pamene linali."

Ndinangomuuza kuti nkhani imeneyi ifere pakati pa ife awiri, ndipo tsiku losudzula adzakhale ngati pakamwa pamuzizira. Anagwedeza mutu movomera. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kudya, nkhope n'kubwerera. Mvula itayamba kuchepa anafesa nazale ya tomato, yaikulu ngati imene ankafesa mwamuna wake, n'kugaula dimba lonse mpaka kumtunda. Amayi a m'mudzi ankamufunsa kuti adzathirira ndi chiyani, iye n'kumangomwetulira.

A ku Nathenje anabwera kumayambiriro kwa Juni, mbande za tomato zitakula kale kufuna kuokera. Anafika anthu angapo pa minibasi, koma a Efulemu anabwera pa njinga yamoto ya kabaza, atanyamulidwa ndi Masautso, mwana wa mlongo wawo, bambo wa ndevu zake amene tsiku lonse amakhalira kumasula ndi kumanga njinga yakeyo. Tinayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Amuna anakhala pamipando, ife amayi pansi. Kettie anakhala pafupi ndi ine, mutu woweramitsa.

A Efulemu analankhula bwino, ndisabise. Anati mlamu wawo anamusunga bwino m'bale wawo, ndipo kuyambira tsikulo ndi womasuka. Anatsegula loko pamaso pa onse, katundu n'kutulutsidwa pabwalo. Njinga anati ipite kwa mng'ono wawo wotsiriza. Wailesi ipite kwa mayi awo okalamba. Jekete ndi nsapato anatenga okha. Atafika pa pampu anaima, n'kuika dzanja pa saka lija.

"Iyi takambirana kwathu," anatero. "Ena amati ipite ku Nathenje. Koma amayi anati pampu ndi ya dimba, dimba ndi la ana. Ndiye itsala kuno, idyetse Jacinta ndi Noah."

Amayi ena anaomba m'manja. Ine mtima unakhala pansi, ndinamutsina Kettie pantchafu mwachimwemwe. Nkhani ikanathera pomwepo, bwenzi lero ndikukuuzani zina. Koma a Efulemu ndi munthu wokonda kuti zinthu zioneke pamaso pa anthu. Anati ailize kaye kuti aliyense aone kuti akusiya chinthu chamoyo. Anavundukula saka, n'kutsegula chivindikiro cha thanki. Anasuzumira, n'kuipendeketsa pampuyo, n'kusuzumiranso.

"Muli gwa. Si ndinasiya wodzaza?"

Atsibweni, amene sankadziwa kanthu, ndi amene anatipulumutsa.

"Petulo amauluka, a Efulemu. Miyezi yonseyi, ndi kutentha kwa malata kuja, angatsale?"

Amuna ena anavomereza kuti inde amauluka. A Efulemu anakanda ndevu, n'kuvomera. Ine ndinamutsinanso Kettie, ulendo uno mwamphamvu, kumuuza kuti akhale chete. Anapopa petulo pang'ono mu njinga ya Masautso, n'kuthira mu thanki. Masautso anaseka akupukuta manja.

"Atsibweni, musadzipweteke phewa. Ngati petulo anaumira momwemo, kabuleta yatsekeka. Iyi siilira mpaka aimasule."

A Efulemu anatsegula kampopi, n'kudikira pang'ono, n'kukoka chingwe. Anakoka kamodzi. Pampu inatsokomola kautsi koyera ka oilo uja, n'kulira, kulira kosalala kuja kumene tinkakumva m'mawa uliwonse kuchokera kudimba. Nkhuku zinabalalika. Ana anathamanga kuchokera kuseri. Ine ndinamva ngati Gilibati atulukira pakona atavala magambutsi ake.

Ndinatembenuka kuyang'ana Kettie. Misozi inali mbwembwembwe, koma nkhope ikuseka. Anali asanamve mawu amenewo chimwalirire mwamuna wake.

Masautso anazimitsa injini, n'kugwada pansi, n'kusuzumira kunsi kwa kabuleta. Sanachite mwa njiru, ndikudziwa. Anthu a zitsulo akaona chodabwitsa satha kugwira pakamwa.

"Iyayi, petulo sanauluke uyu," anatero. "Wina anachita kukhuthula, ndipo anakhuthula bwino. Taonani, ndi oilo yemwe anathira pa pulagi. Amene anachita izi amaidziwa ntchito."

A Efulemu anayang'ana kiyi amene anali m'manja mwawo. Anapita pachitseko, n'kukanda kadothi ka pamasikuluwu ndi chikhadabo. Anabwerera pang'onopang'ono.

"Ndani analowa?"

Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiname. Ndinkafuna kunena kuti Gilibati anakhuthula yekha asanamwalire, ndipo a Efulemu anaona molakwika chifukwa cha misozi. Bodzalo likanayenda, atsibweni akanalikankha. Koma Kettie anandipitirira.

"Ndine, alamu," anatero akupukuta misozi ndi chitenje. "Ndinaigoneka monga ankachitira eni ake. Mwamva mmene yalirira."

Ananena ngati mwana amene akuonetsa mphunzitsi ntchito yabwino. Ankaganiza kuti amuyamikira.

"Munatsegula chitseko chimene ine ndinatseka pamaso pa anthu?"

"Ndinakupemphani kawiri, alamu."

"Petulo ali kuti?"

"Ndinathira pa chulu."

Wina mwa a ku Nathenje anaseka, kuseka koipa. Mayi wina anati ngati analowa kamodzi analowa kangati, nanga masipanala anali omwewa, nanga m'matumba a jekete munalibe kanthu? Wina anati n'chifukwa chake mayi awo miyendo inayamba kutupa mu Januwale, katundu wa malemu anagwidwa nthawi isanakwane. Mawu anachuluka, aliyense kuponyapo lake.

Apo ine ndinaimirira, ndipo sindinapemphe mwayi wolankhula.

"A Efulemu, mwanena nokha kuti pampu ndi ya ana. Kodi ana alakwa chiyani? Munthu wakusungirani chinthu chamoyo. Akanamvera inu, bwenzi pano mukugawa chitsulo chakufa. Mlamu wanu anakugwadirani, inu munati petulo si ndiwo. Lero mwana wa mlongo wanu yemwe wakuuzani kuti amasasa. Manyazi anuwo musawalipiritse ana amasiye."

Atsibweni anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi. A Efulemu sanandiyang'ane n'komwe. Nkhope yawo inali ya munthu amene wavulidwa pagulu, ndipo ndinaona kuti chimene chinawapweteka si petulo ayi. Abale awo anali atawauza kuti asasiye pampu kwa eni, iwo n'kuwatsimikizira kuti mlamu wawo ndi wokhulupirika, loko adzapezeka monga anamusiyira. Tsopano abale omwewo anali kuwayang'ana.

"A Isake," anatero kwa atsibweni, mawu ali pansipansi, "ife tinabwera ndi mtima wabwino. Koma pakhomo pamene loko wanga salemekezedwa, sindingasiyepo chinthu cha m'bale wanga. Pampu ikasungidwa ku Nathenje mpaka Noah adzakule."

Atsibweni anapepesa, anapereka ndi nkhuku yomwe. Sizinathandize. Anaimanga pampuyo ndi malamba kumbuyo kwa njinga ya Masautso, a Efulemu n'kukwera minibasi. Masautso ponyamuka sanathe kutiyang'ana kumaso. Kettie anathamangira njingayo mpaka pamsewu, osati kukalanda, koma kukanena kuti akamaisunga azitseka kampopi ndi kukhuthula petulo. Mawu ake anamezedwa ndi kulira kwa njinga.

Tomato uja tinamuokera ndithu, chifukwa mbande sizidikira milandu. Tinayesa kuthirira ndi makheni, ine ndi Kettie ndi ana. Kumunsi kunatheka. Kumtunda tinalimbana nako mwezi wa Juni wonse ndi Julayi, kukwera ndi kutsika mpaka msana wa Kettie unayamba kukana. Kubwereka pampu ya ena kunali kovuta, eni ake ankaifuna nthawi yomweyo imene ife tinkaifuna. Mphepo ya Ogasiti itayamba, tomato wa kumtunda anapsa ali ndi maluwa. Ndinamuona Kettie akuzula mitengo youma ija n'kumaiunjika, osalira.

Atsibweni anapita ku Nathenje kukapempha, anabwerako manja lende. Anati a Efulemu akuibwereketsa pampuyo kwa alimi a m'mphepete mwa mtsinje kumeneko, ndipo akuti phindu lake akusungira ana. Kaya ankasungadi, ine sindikudziwa, ndipo sindinafunse.

Mvula yotsatira isanagwe, kunabwera lole yofuna anthu olima fodya ku esiteti ina ya ku Kasungu. Kettie analembetsa. Ndinamuletsa, ndinamuuza kuti utenanti umadya munthu, koma anandifunsa kuti ana adya chiyani. Anatenga Jacinta ndi Noah, mphasa, mapoto ndi makasu. Dimba la kumtunda linamera nsenjere.

Chaka chinatha, china n'kulowa. Mu Meyi wa chaka chino ndinamva njinga yamoto ikuima pabwalo panga. Anali Masautso, kumbuyo atamanga chinthu chokutidwa ndi saka, ndipo a Efulemu anali kutsika ku njinga ina. Aonda, ndevu zachita imvi. Mayi awo anali atamwalira mu Malichi, ndipo akuti asanatseke maso anafunsa ngati pampu ya ana inabwerera.

"Taganizira ana, alamu," anatero a Efulemu atakhala pampando. "Zakale zipite. Tabweza katundu wawo."

"Ana ake ati? Ana ali ku Kasungu, akusoka fodya wa eni."

Anaweramitsa mutu. Ankadziwa kale.

"Ikulira?" ndinafunsa.

Anayang'ana Masautso, Masautso n'kuyang'ana nkhuku.

"Yangovuta pang'ono," anatero a Efulemu. "Chaka chatha inagwira bwino. Mvula itayamba ndinaisunga m'sitolo, pabwino, posadontha. Ndinaidzazanso petulo kuti ikadzafunika isavute. Pano tikakoka chingwe ikungokhala chete."

Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinamusungira munthu ameneyu chaka chonsechi. Usiku ndinkawakonza, ndikamasinja ndinkawabwereza. Koma nditamuona atakhala pampando paja, chipewa chili pabondo, mawu onse anandithawa. Madzi akatayika saoleka. Ndinawapatsa madzi akumwa, iwo n'kutsanzika.

Atachoka ndinamuimbira foni Kettie. Anayankha ali m'shedi, ndinkamva anthu akulankhula kumbuyo kwake. Ndinamuuza kuti pampu yabwera, ili pakhonde panga. Ndinamuuza kuti mwina amakaniko a pa Mitundu akhoza kuikonza, abwerere, dimba tilisosenso.

"Sindingachoke pakati pa ntchito, achemwali," anatero. "Fodya sanagulitsidwe. Ndipo msana wanga si uja munkaudziwa." Anapuma. "Mu thanki muli petulo?"

Ndinatsegula chivindikiro. Fungo lake linandibweza m'mbuyo, fungo la penti wakale lija.

"Muli. Wofiira ngati tiyi wopanda mkaka. Pansi pakuoneka dzimbiri."

"Tsekani kampopi kaye. Kali kumanzere, kachitsulo kakuda. Mwakaona?"

"Ndakaona."

"Tsopano gwadani. Kunsi kwa kabuleta kuli kambale kakang'ono, pambali pake pali kasikuluwu. Ikani chitini pansi, mumasule ndi mpeni. Pang'onopang'ono, musakapinde mutu."

Ndinagwada pakhonde panga, ine amene ndinkaseka Gilibati, foni nditaipana ndi phewa. Kasikuluwu kanali kolimba, mpeni unaterera kawiri, koma kenako kanatembenuka. Ndinakamasula mpaka kanagwera m'chitini. Kunsonga kwake kunali phula lobiriwira, lomata ngati ulimbo.

"Akutuluka?" anafunsa Kettie.

Ndinadikira. Ndinaipendeketsa pampuyo, n'kuigogoda ndi chigwiriro cha mpeni. M'chitini munali kasikuluwu kokha.

"Achemwali, akutuluka?"

"Ayi, mng'ono wanga. Ngakhale dontho."

Ndinamumva akupuma. Kumbuyo kwake wina anamuitana ndi dzina, kumuuza kuti afulumire.

"Ifunditseni saka," anatero, n'kudula foni.